Chimene osonkhanitsa mafilimu akale amafuna mu The Battle of the Century

Mwafunsa, achimwene, chifukwa chimene anthu amatayira ndalama pa mpukutu wakale wa filimu yopanda mawu, pomwe nthabwala zake ndi zongogendana ndi chakudya. Filimu mwatchulayo, The Battle of the Century ya Stan Laurel ndi Oliver Hardy, yomwe kampani ya Hal Roach inatulutsa ku America mu 1927, ikuyankha bwino funso limeneli.

Nkhani yake ndi yaifupi. Hardy agulira Laurel, wankhonya wolephera, inshulansi ya ngozi, kenaka aponya khoko la nthochi pamsewu kuti mnzakeyo aterereke ndipo ndalama zituluke, koma yemwe agwa ndi munthu wonyamula mapayi (chakudya chonga keke chokhala ndi kirimu), ndipo mkangano ukula mpaka msewu wonse ukugendana. Mapayi oposa 3,000 anathera pamenepo. Kwa ine, chokoma kwambiri si phokosolo ayi, koma wosewera wamkazi Anita Garvin, amene aterereka n'kukhalira payi, adzuka mwaulemu wake wonse, nachoka akugwedeza mwendo pang'ono ngati palibe chachitika.

Komabe chimene chimakoka osonkhanitsa ndi kusowa kwake. Mafilimu a nthawiyo ankajambulidwa pa mpukutu wa nitrate, pulasitiki yakale yomwe imayaka mosavuta ndiponso imaola ikakhalitsa, moti kafukufuku wa 2013 wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya mafilimu aatali opanda mawu a ku America anatayikiratu. Kwa zaka zambiri, pa nkhondo ya mapayiyi anthu ankangoona zidutswa zimene wopanga mafilimu Robert Youngson anasankha n'kuika mu filimu yake ya 1957. Mpukutu wachiwiri wathunthu wa The Battle of the Century, womwe muli nkhondo ya mapayiyi, unatulukira mu 2015, osati m'nyumba yosungira zakale ya boma, koma m'katundu yemwe wosonkhanitsa Jon Mirsalis anagula, wa wosonkhanitsa mnzake malemu Gordon Berkow. Mpukutuwo unali wa 16mm m'lifupi. Mu 2020 filimuyi inalowa m'kaundula wa National Film Registry, mndandanda wa mafilimu amene boma la America limasankha kuti asungidwe.

Ndiye munthu akamatsegula chitini chadzimbiri pamsika, amadziwa kuti zoterezi zinachitikapo. Gawo la filimuyi lomwe wosewera Eugene Pallette akugulitsa inshulansi likusowabe, ndipo Hats Off, filimu ina ya Laurel ndi Hardy ya 1927, sinapezeke mpaka lero. Chenjezo langa n'lakuti makope a 8mm amene kampani ya Blackhawk inkagulitsa alipo ambiri ndipo si amtengo wapatali, choncho musanalipire funsani kukula kwa mpukutu, komwe unachokera, ndi zimene zilimo zomwe makope ena alibe.