Makina akuphonya pa zigawo zina za panelo

Achimwene, mwati makina anu a pick and place (oika tizipangizo tamagetsi pa bolodi) akuika bwino zipangizo pa chigawo choyamba cha panelo (bolodi lalikulu lokhala ndi mabolodi ang'onoang'ono ofanana) koma akuphonya pa zinazo. Ine ndikukayikira offset, womwe ndi mtunda wochokera pa chigawo chimodzi kukafika pa chinzake. Lembani pulogalamu ya chigawo chimodzi chokha, kenako muwauze makinawo mtunda wa X ndi Y kukafika pa chinzake. Manambalawo muwatenge m'fayilo ya Gerber (ya mapulani a bolodi), osati kuyeza ndi lula. Mukalakwitsa ndi 0.1 mm, pofika chigawo chachisanu mwasemphana ndi 0.4 mm, pamene resistor ya saizi ya 0402 m'lifupi mwake ndi 0.5 mm basi.

Muonetsetsenso ngati zigawo zina zatembenuzidwa madigiri 180 ndipo muwauze makinawo, apo ayi ma diode, omwe amadutsitsa magetsi mbali imodzi yokha, akhala chafutambuyo. Ma fiducial (madontho a pa bolodi othandiza makina kudziwa malo enieni) kamera ya makinawo iziwaona bwino. Bolodi loyamba yeserani kaye pa tepi yomata mbali zonse musanapake solder paste (phala lachitsulo lolumikizira zipangizo pa bolodi), chonde.