Mayi wa Chimasai amene anakhala meya ku Derry

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wothawa kwawo angafike pa utsogoleri wa ndale m'dziko la eni. Zimatheka ndithu. Taonani Mayi Lilian Seenoi-Barr a ku Narok, Kenya. Kwawoko ankalimbana ndi mdulidwe wa atsikana komanso maukwati a ana, mpaka anthu anayamba kuwaopseza. Mu 2010 anathawira ku Northern Ireland ndi mwana wawo.

Sanayambire pa ndale ayi. Mu 2012 anakhazikitsa North West Migrants Forum mumzinda wa Derry ku Northern Ireland komweko, bungwe lothandiza obwera anzawo, ndipo kwa ine apa mpamene panagona mphamvu zawo, chifukwa anthu anawadziwira pa ntchitoyo. Analowa khonsolo mu 2021 kudzera m'chipani cha SDLP, kenako mu June 2024 anakhala meya woyamba wachikuda ku Northern Ireland. Chipongwe pa intaneti sichinasowe, ena mpaka kuopseza kuwapha.