Funsani za Kadyedwe: Soda m'masamba, nyemba za tsiku ndi tsiku, ndi adyo wa odwala BP

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za ndiwo zimene zimapezeka pakhomo pa aliyense, ndipo ndasankhapo anayi amene mayankho ake angathandizenso ena amene sanalembe.

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo kusikelo anandiuza kuti magazi ndi ochepa m'thupi. Anandipatsa mapiritsi n'kundilangiza kuti ndizidya masamba obiriwira. Chondidabwitsa n'chakuti masamba ndimadya pafupifupi tsiku lililonse, monga nkhwani, bonongwe ndi therere, ndipo timathiramo soda kuti afewe msanga. Nanga magazi akucheperanji? — Mayi woyembekezera, Mchinji

Mayi, mwachita bwino kupita kusikelo, ndipo dziwani kuti vutoli lili ndi anthu ambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 33 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 49 anali ndi magazi ochepa, ndipo kwa ana osakwana zaka zisanu chiwerengerocho chinali 63 mwa 100 alionse. Mayi akakhala ndi pakati thupi limafuna ayironi wochuluka kuposa masiku onse, chifukwa likupanga magazi okwanira anthu awiri, choncho ngakhale amene amadya bwino amatha kuperewera. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo nazonso zimachepetsa magazi. Pa chifukwa chimenechi mapiritsi amene mwalandirawo musawasiye, ngakhale muone chimbudzi chikuda, pakuti ndi mmene amachitira. Muzigona m'neti, ndipo muzimwa mankhwala oteteza malungo amene amaperekedwa kusikelo.

Tsopano tibwere ku mphika wanu, chifukwa mwatchula chinthu chimene ndimachidandaula kwambiri. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa ndi chamwamba ndi masamba abwino kwabasi. Ali ndi ayironi, ali ndi michere imene thupi limaisandutsa vitamini A, ali ndi vitamini C, komanso ali ndi foliki asidi amene mwana wosabadwa amamufuna kuti msana ndi ubongo wake zikule bwino. Koma ayironi wa m'zomera thupi silimuyamwa mosavuta monga limachitira ndi wa m'nyama kapena nsomba. Chimene chimamutsegulira njira yolowera m'magazi ndi vitamini C wodyedwa pa nthawi yomweyo. Soda, ngakhalenso chidulo chimene agogo athu ankasungunula kuchokera ku phulusa, chimawononga vitamini C ameneyu pamodzi ndi mavitamini ena a gulu la B. Ndiwozo zimaoneka zobiriwira bwino ndiponso zimafewa msanga, koma gawo lina la phindu lake limakhala latha musanapakule.

Ndikudziwa kuti therere lopanda soda ambiri saliwerengera, ndipo sindikuuzani kuti mulisiye. Pempho langa ndi lakuti soda atsalire ku therere lokhalo, wochepa kwambiri, ndipo asalowe mu bonongwe, mpiru, repu kapena nkhwani zanthete, zimene zimapsa zokha m'mphindi zochepa. Tsukani masamba musanawadule, chifukwa kutsuka odulidwa kale kumataya mavitamini amene amasungunuka m'madzi. Aikeni m'madzi ochepa amene abwata kale, vundikirani, ndipo muwaphule akadali ndi mtundu wake. Msuzi wake musakhuthule. Thiranimo tomato, ndipo mukatha kudya mudye gwafa, lalanje, bango, papaya kapena mumwe madzi a malambe. Chigwada chokha ndicho chili ndi lamulo lake: masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, motero ayenera kusinjidwa bwino ndi kuwiritsidwa mokwanira mphika uli wosavundikira.

Palinso tiyi. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimagwira ayironi m'mimba kuti asayamwidwe, choncho musamwere tiyi mapiritsi anu, ndipo pazipita ola limodzi kapena awiri pakati pa chakudya ndi tiyi. Kutendera ndiwo ndi nsinjiro, kapena kuthiramo timafuta pang'ono, ndi nzeru ya makolo imene akatswiri a kadyedwe amaivomereza, chifukwa vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta.

Nyama yakwera mtengo moti kunyumba kwanga timadya nyemba, nandolo kapena khobwe masiku anayi kapena asanu pa sabata. Ndimada nkhawa kuti ndikuwamana ana zakudya zomanga thupi. Komanso ine nyemba zimandifufumitsa mimba. Kodi nditani? — Bambo wa ana atatu, Ndirande

Bambo, anawo simukuwamana. Maganizo akuti nyemba ndi ndiwo za nthawi ya mavuto atilowerera kwambiri, mwina chifukwa cha mmene ambiri tinazidyera kusukulu zogonera komweko, koma ndi maganizo olakwika. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa, zakudya za mtundu wa nyemba zili ndi gulu lakelake. Mu nyemba zouma, nandolo, khobwe ndi nzama, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi mapuloteni, amene ndi zomanga thupi zija mukuzidandaula, ndipo mu soya amapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chosangalatsa n'chakuti nsima ndi nyemba zimathandizana. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo tosiyanasiyana, ndipo kachigawo kena kotchedwa layisini, kamene kamaperewera m'chimanga, kamapezeka kochuluka mu nyemba, pamene kena kamene kamaperewera mu nyemba kamapezeka m'chimanga. Zikadyedwa pamodzi thupi limapeza zomangira zokwanira. Ndi mfundo yomweyi imene inachititsa kuti Likuni Phala apangidwe posakaniza ufa wa chimanga ndi soya, ndipo inunso mungathe kupangira ana phala lotere kunyumba ndi mgaiwa, ufa wa soya wokazinga ndi nsinjiro. Soya asagayidwe wamuwisi, chifukwa ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo zimenezi zimatha ndi moto. Nyemba zimakhalitsanso m'mimba ndipo sizikweza shuga m'magazi mofulumira, n'chifukwa chake odwala matenda a shuga amalimbikitsidwa kuchepetsa mitanda ya nsima ndi kuwonjezera nyemba ndi masamba. Ngati mumalima kumudzi, funsani alangizi za mbewu ya nyemba ya NUA 45, imene ili ndi ayironi ndi zinki wochulukirapo.

Pali chimodzi chimene nyemba sizingakupatseni, ndicho vitamini B12, amene amapezeka mu zakudya zochokera ku nyama zokha. Apa simufunika nyama yang'ombe. Usipa, matemba, bonya, dzira kapena mkaka kangapo pa sabata zikwanira, ndipo tinsomba tating'onoting'ono todyedwa ndi mitu ndi minga yomwe timapatsa ana kashiamu wolimbitsa mafupa. Ngakhale kadzanja kamodzi ka bonya kothiridwa m'ndiwo zamasamba kamathandiza kuti ayironi wa m'masambawo ayamwidwe bwino.

Kufufuma kwa mimba kumabwera chifukwa mu nyemba muli mitundu ina ya shuga imene matumbo athu sangathe kuigaya, ndipo tizilombo tabwino tokhala m'matumbo aakulu tikamaidya timatulutsa mpweya. Viikani nyemba m'madzi usiku wonse, tayani madziwo, ndipo muphike ndi madzi atsopano. Kuviika kumachepetsa shuga ameneyu, kumachepetsanso zinthu zina zimene zimamanga ayironi ndi zinki, ndiponso kumapulumutsa makala chifukwa nyemba zoviika zimapsa msanga, moti soda safunikanso. Onetsetsani kuti zabwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, makamaka nyemba zofiira, chifukwa zosapsetsa zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Kwa ana aang'ono, chipere chochotsedwa makoko chimagayika mosavuta.

Bambo anga ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Anzawo awauza kuti akamatafuna adyo m'mawa uliwonse ndi kumwa madzi a jinja ndi mandimu, mankhwala akuchipatala angathe kuwasiya. Papita sabata ziwiri asakumwa ndipo akuti akupeza bwino. Kodi adyo amachizadi BP? — Mwana wawo wamkazi, Mzuzu

Achemwali, chonde apititseni bambo kuchipatala sabata ino kuti akayezedwe ndi kuyambiranso mankhwala. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi, ndipo munthu amatha kunena kuti akupeza bwino pamene mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka, mpaka tsiku lina kudzidzimuka atafa ziwalo mbali imodzi. Kumva bwino m'thupi sikungakuuzeni mmene magazi akuthamangira. Chimene chingakuuzeni ndi makina oyezera okha.

Adyo sindikumunyoza. Akaphwanyidwa kapena kudulidwa amatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa alisini, amene amam'patsa fungo lija, ndipo pali umboni wakuti angathe kutsitsa BP pang'ono mwa anthu ena. Koma kutsikako n'kochepa, ndipo sikungafanane ndi ntchito ya mapiritsi amene dokotala anawayeza molingana ndi matenda a bambo. Jinja amathandiza kuchepetsa nseru, kuphatikizapo ya amayi oyembekezera, ndipo madzi ofunda a jinja ndi mandimu amatonthoza kukhosi pa nthawi ya chimfine. Phindu lake limalekeza pomwepo. Komanso adyo ndi jinja wodyedwa wambirimbiri monga mankhwala angachititse kuti magazi asamaundane msanga, zimene ndi zoopsa kwa amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena amene akuyembekezera opaleshoni, ndipo makapisozi a adyo anapezeka kuti amachepetsa mphamvu ya saquinavir, mtundu wina wa ma ARV.

Nkhani yotereyi inapweteketsapo anthu ambiri kwa anzathu a ku South Africa, kumene nduna yakale ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot kwa odwala Edzi pamene boma linkazengereza kugawa ma ARV. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America anawerengera pambuyo pake kuti kuzengereza kumeneko kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Ndimaikumbukira nkhaniyi nthawi iliyonse ndikamva kuti munthu wasiya mankhwala chifukwa cha zitsamba za m'khitchini.

Pali ntchito ina imene adyo angawagwirire bambo anu, ndipo ndi yaikulu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asadye mchere wopitirira magalamu 5 pa tsiku, umene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'buledi, wa mu nsomba zouma zothira mchere ndi wa mu timibulu tokometsera ndiwo togula m'sitolo. Ambirife timapitirira muyezo umenewu osadziwa. Ndiwo zokometsedwa ndi adyo, anyezi, jinja, tomato ndi madzi a mandimu zimakoma ngakhale mchere utachepa. Soda nayenso ali ndi sodiyamu, yemweyo amene amakweza BP mu mchere, choncho mu mphika wa bambo asalowemo. Awonjezereni masamba, nyemba, mbatata ndi nthochi, zimene zili ndi potaziyamu wothandiza kutsitsa BP, pokhapokha ngati achipatala anawauza kuti impso zawo zili ndi vuto.

Ndimafutsa nkhwani ndi chitambe chaka chilichonse kuti tidzadye m'chilimwe. Mwana wanga amene ali kusekondale akuti mfutso ulibe chilichonse chothandiza thupi, ndiponso akuti kambuzi amene ndimakonda adzandiyambitsa zilonda za m'mimba. Kodi akunena zoona? — Agogo, Ntcheu

Agogo, mwana wanu wanena zoona pang'ono chabe. Vitamini C wambiri amathadi masamba akamauma, koma ayironi, kashiamu ndi mapuloteni zimatsala, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene masamba a m'dimba asowa kapena akwera mtengo, chikwatu cha mfutso chimadyetsa banja. Chimene mungasinthe ndi kayanikidwe. Dzuwa lamphamvu limawononga michere imene imasanduka vitamini A, motero mukawiritsa masambawo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, muwayanike pamthunzi podutsa mphepo, pa thandala kapena pa mphasa yoyera, kufikira ataumitsitsa. Mbatata ya kholowa yofiira mkati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, ingabwezeretse vitamini A amene wachepa.

Popeza mfutso umayenda ndi nsinjiro, samalani mtedza umene mukusinja. Mtedza wowola, wonyala, woboola kapena wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale mukazinge kapena muphike, ndipo akamalowa m'thupi kwa zaka amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Musanyowetse mtedza pofuna kuti usavute kusenda, ndipo wotsalira posankha musausandutse nsinjiro za pakhomo, monga ambiri amachitira akagulitsa wabwino.

Za kambuzi, tsabola sayambitsa zilonda za m'mimba. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005 chifukwa cha ntchito imeneyi. Zina zimayamba ndi kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac. Tsabola amangowonjezera kuwawa kwa munthu amene ali kale ndi zilonda kapena chilungulira. Ngati inu mukadya kambuzi simumva kutentha kapena kupweteka m'mimba, pitirizani kudya monga mwa nthawi zonse. Mukayamba kumva kupweteka kosalekeza, kapena mukaona chimbudzi chakuda pamene simukumwa mapiritsi a ayironi, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.