Kosita ndaichotsa mipando, nanga bedi ndi bafa ndiziike pati?

A bambo ena a ku Lilongwe atilembera imelo. Akuti anagula Toyota Coaster yakale ya mipando 29 imene inkanyamula anthu, ndipo akufuna kuisandutsa nyumba yoti aziyenda nayo kunyanja limodzi ndi akazi awo ndi mwana wa zaka 8. Funso lawo mwachidule nali: "Mipando ndachotsa kale yonse, kalipentala ndamupeza. Ndikufuna bedi la anthu awiri, pogona mwana, khitchini, chimbudzi ndi bafa. Kodi zikwana? Nanga ndiyambire pati?"

Zikwana, bambo, koma mopanikizana ndithu. Kalipentalayo muuzeni adikire kaye milungu iwiri. Mipando ija musagulitsenso yonse. Sungani umodzi wa anthu awiri, umene unali kumbuyo kwa dalaivala, pamodzi ndi malamba ndi mabauti ake. Mwana ayenera kukhala pamenepo basi ikamayenda, atayang'ana kutsogolo, pa mpando womangidwa m'mabowo ake akale. Benchi yokhoma ndi matabwa si yokhalapo munthu pa msewu wa M1, chifukwa tsiku lomanga mabuleki mwadzidzidzi imazuka pamodzi ndi masikuluwu ake.

Ambiri amayambira pa pepala. Amajambula chipinda chachitali cha ngodya zinayi n'kumaikamo katundu mmene mtima wafunira. Koma basi ili kale ndi zinthu zake zosasunthika, ndipo n'zimenezo zimene zimalamula poika china chilichonse: chitseko cha kumanzere, chivundikiro cha injini kutsogolo, zitunda ziwiri za matayala akumbuyo zimene zimatukuka pansi, nthiti zachitsulo za m'makoma ndi kudenga, komanso zitsulo ziwiri zazitali za chassis kunsi kwake. Tengani tepi yoyezera ndi choko. Lowani kunsi kwa basi ndi tochi, muone pamene padutsa chassis, thanki ya dizilo, paipi ya utsi, mapaipi a mabuleki ndi mawaya, kenako mukwere mukazijambule pansi m'katimo, chilichonse pamalo ake enieni. Paliponse pamene choko chadutsa simudzaboolapo.

Coaster yaitali ya denga lokwera, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1993 mpaka 2016, kunja ndi yotalika mamita 6.99. M'kati mulifupi ndi pafupifupi masentimita 190, ndipo kuchokera pansi kufika kudenga ndi pafupifupi 183. Mukachotsa malo a dalaivala ndi injini, otsala omangapo ndi mamita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Yanuyo muiyeze nokha, ndipo mulifupi muyeze patatu: pansi, pa msinkhu wa mawindo, ndi pafupi ndi denga, popeza makoma amapendekera m'kati akamakwera. Kabati yopangidwa ndi muyeso wa pansi sikakwana m'mwamba.

Manambala amenewa ndi a basi yopanda kanthu. Mukaika zotchinga kutentha ndi plywood m'makoma, mbali iliyonse idya masentimita 4 kapena 5, ndiye 190 uja asanduka 180. Pansi, chotchinga cha mamilimita 25, plywood ya mamilimita 12 ndi kapeti ya pulasitiki zidya masentimita 4, denga lidyanso 3. Kutalika kotsala ndi 176. Ngati ndinu wamtali kuposa pamenepo, dziwiranitu lero kuti muzidzaphika mutawerama, kapena chepetsani chotchinga cha pansi, osati cha kudenga, chifukwa dzuwa la Okutobala ku Mangochi limalowera kudengako.

Tsopano bedi, chifukwa ndilo limagawa malo onse otsala. Matiresi a anthu awiri a m'sitolo ndi masentimita 137 mulifupi ndi 188 mulitali. Mukaliika chopingasa kumbuyo kwenikweni, lidya masentimita 140 okha a basi, koma 188 sangalowe m'malo a 180. Ndiye mugula matiresi a siponji n'kudula, ndipo wogonapo asapitirire masentimita 175, apo ayi azigona chopinda miyendo usiku uliwonse. Mukaliika motsata utali wa basi, aliyense atambasula bwino ndipo wina akadzuka usiku sadumpha mnzake, koma ladya masentimita 190, kutanthauza kuti theka la mita lachoka ku khitchini kapena ku bafa. Pa anthu atatu, ife tingasankhe chopingasa, pokhapokha ngati inu kapena mayi ndi aatali. Pali kanzeru kena: pa mutu ndi ku miyendo kwa bedi kokha, gwiritsani chotchinga chopyapyala, mupezapo masentimita 4 kapena 5. Pansi pa matiresi ikani timatabwa totalikirana masentimita 5, osati plywood yotseka, chifukwa thukuta ndi chinyezi zikasowa kotulukira matiresi amachita nkhungu kunsi. Bedi likhale masentimita 60 mpaka 70 kuchokera pansi, kuti munthu atakhala tsonga mutu usagunde denga.

Kutsogolo kwa bedilo mukumana ndi zitunda za matayala, ndipo pamenepa ndi pamene mapulani ambiri a pa pepala amafera. Anthu amakonda kuika bafa moyandikana ndi bedi, koma pa Coaster malo amenewo ndi pa chitunda. Simungaimepo, ndipo simungaboolepo paipi yotaya madzi poti kunsi kwake kuli matayala awiri. Pa zitunda pamayenera zinthu zosafuna pansi posalala: kabati ya zovala mbali ina, benchi mbali inayo.

Kagawidwe kamene tingakupatseni, kuyambira kumbuyo, ndi aka. Mbali ya kumanja, ya dalaivala, imene ilibe chitseko: bedi masentimita 140, kabati ya zovala pa chitunda pafupifupi 95, bafa 80, khitchini 110, mpando uja munasunga 75. Zonse pamodzi 500. Mbali ya kumanzere: bedi lomwelo, kenako benchi ya masentimita 170 imene masana mukhalapo podya, usiku agonapo mwana, kenako firiji pafupi ndi chitseko. Bafa ndi sinki ya khitchini zagundana khoma mwadala, kuti mapaipi akhale aafupi ndipo madzi oipa atsikire mu thanki imodzi.

Mulifupi ndi momwe muli vuto. Makabati a khitchini a m'nyumba amakhala masentimita 60 kuya kwake, ndipo kalipentala wozolowera nyumba adzapanga omwewo ngati simumuuza. Anu akhale 50 kapena 55. Benchi 60. Pamenepo kanjira ka pakati katsala 65 mpaka 70, n'kabwino. Koma pa bafa, ngakhale litakhala la masentimita 70 okha kuya kwake, kanjira katsika kufika pa 50. Munthu adutsa, koma awiri sangapatukirane, ndipo chitseko chotsekukira kunja chimenya benchi. Ikani chotsetsereka kapena nsalu.

Za bafali tinene mosabisa. Shawa ya m'kati ndiyo imavutitsa kuposa china chilichonse m'basi yaing'ono chonchi. Choimapo chake chimakweza pansi ndi masentimita ena 5, ndiye mutu wagunda denga. Nthunzi imalowa kuseri kwa matabwa n'kuyambitsa dzimbiri pamene simukuona. Imadyanso madzi: ngati aliyense agwiritsa malita 15 pa tsiku pophika, kumwa ndi kutsuka, anthu atatu amaliza malita 100 m'masiku awiri, shawa isanatsekulidwe n'komwe. Malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja ali kale ndi mabafa. Ife tikanamanga kachipinda ka chimbudzi kokha, n'kutulutsa kapaipi ka shawa kunja, kokhala ndi nsalu yozunguliza. Ngati mayi anenetsa kuti kunja sasambako, mangani kachipinda kamodzi ka zonse ziwiri, makoma ake akhale a pulasitiki kapena fibreglass, ndipo mabowo otaya madzi akhale awiri m'ngodya zotalikirana, chifukwa basi siimaima molingana ndipo madzi amathawira kumene kulibe bowo. Matailosi musayese n'komwe. Basi imapindika ikamayenda pa mabampu, matailosi amang'aluka, komanso ndi olemera. Chimbudzi chosavuta ndi chija chokhala ndi kathanki kochotsa ka malita pafupifupi 20, kokatayira m'chimbudzi chenicheni. China n'cholekanitsa mkodzo n'kumathira utuchi, chimene sichifuna madzi. Chilichonse mwa ziwirizi chikhale ndi kapaipi kotulutsa mpweya kunja.

Kulemera ndi nkhani imene siioneka ndi maso koma imamveka pa chiwongolero. Pansi pa bedi pali malo aakulu okopa, ndipo aliyense amafuna kuikapo thanki ya madzi ndi mabatire. Malo amenewo ali kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Katundu wolemera akakhala kumeneko amanyamula mphuno ya basi, matayala akutsogolo sagwira bwino msewu, ndipo pa bampu lililonse kumbuyo kumadumpha. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Batire ya asidi ya 200Ah imalemera makilogalamu 55 mpaka 60, pomwe ya lithium yofanana nayo siifika theka lake. Zolemera zonse zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zigawidwe mbali zonse ziwiri. M'kagawidwe kathu kaja mbali ya kumanja yalemedwa kale ndi khitchini ndi bafa, ndiye thanki ipite kumanzere, pansi pa benchi, kutsogolo kwa chitunda. Malo a masentimita 70 ndi 50 ndi 30 akwana malita 100. Thankiyo ikhale ndi zigawo m'kati zoletsa madzi kukhavukira kutsogolo pomanga mabuleki, ndipo imangidwe ndi malamba achitsulo ndi mabauti odutsa mpaka kunsi. Pansi pa bedi muikemo mipando yopinda, zofunda ndi neti.

Matabwa nawonso amawerengedwa. Plywood imodzi ya mamilimita 12, ya masentimita 244 ndi 122, imalemera makilogalamu pafupifupi 20, pomwe MDF (thabwa la utuchi wopanikizidwa) ya mamilimita 18 ya muyeso womwewo imafika 40, imafufuma ikanyowa, ndipo masikuluwu amakhwefuka ndi kugwedezeka. Mafelemu apangidwe ndi paini. Mlombwa ndi mbawa n'zokongola, koma sungirani thabwa limodzi la pa tebulo basi. Musanakhome kanthu, pitani ndi basiyo pa sikelo ya magalimoto, muyeze kutsogolo payekha, kumbuyo payekha, mufananize ndi kulemera kololedwa kumene kwalembedwa pa mapepala ake. Mukamaliza mudzayezenso matanki atadzaza. Pitaninso ku Road Traffic musanayambe, mukafunse mmene galimoto yosinthidwa chonchi ilembedwere, kuti musadzabwezedwe pa COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ntchito itatha kale.

Magetsi a Coaster ya dizilo nthawi zambiri ndi a 24V, ochokera ku mabatire awiri, pomwe firiji, pampu ndi mababu ambiri a m'magalimoto ogonamo ndi a 12V. Osalumikiza pa batire imodzi mwa ziwirizo ngati mmene ena amachitira ndi wailesi. Imodziyo imatha msanga, inzake imadzaza mopitirira, zonse ziwiri n'kufa. Nyumbayo ikhale ndi batire yakeyake, yodzazidwa ndi sola ndi chaja ya DC-DC, imene imatenga magetsi ku mabatire a basi n'kuwasintha kuti ayenerane ndi batire ya nyumbayo. Pa kagawidwe, chofunika n'chakuti batire, fyuzi ndi inverter (kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) zikhale malo amodzi, waya wake usapitirire mita imodzi, chifukwa inverter ya 1000W pa 12V imakoka pafupifupi 90A ndipo waya wautali kapena woonda amatentha. Batire ya asidi imatulutsa mpweya woyaka podzaza, choncho bokosi lake lipumire kunja. Mawaya ndi mapaipi onse adutse makoma asanatsekedwe.

Silinda ya gasi ikhale chiimire, yomangidwa, m'bokosi lake lotsekeka bwino mbali ya m'kati, lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amadikha pansi, ndiye bowolo ndilo njira yake. Bokosili lisayandikane ndi mabatire kapena paipi ya utsi. Chitofu chikhale pafupi ndi windo lotsekuka, kutali ndi nsalu ndi bedi, ndipo chozimira moto chipachikidwe pa chitseko. Mbaula m'kati ayi, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni ku Dedza. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Onaninso kuti khitchini ili pakati pa bedi ndi chitseko: moto utabuka pamenepo, muthawira kuti? Ngati yanu ili ndi chitseko chakumbuyo, bedi lisachitseke. Ngati ilibe, windo limodzi la pa bedi likhale loti munthu wamkulu angatulukirepo.

Kudenga boolani malo a fani ya masentimita 40 ndi 40, pakati pa nthiti ziwiri, osadula nthiti ngakhale imodzi. Ikhale pafupi ndi chitofu kuti izikoka utsi, mpweya wabwino uzilowera pa mawindo a ku bedi otchingidwa ndi waya wa udzudzu. Sankhani malo a faniyo musanagule mapanelo a sola, kuti zisalimbirane denga. Pa chivundikiro cha injini musamangepo chilichonse chosachotseka, makaniko adzafuna kulowerapo. Mabowo onse a mabauti a mipando yakale muwatseke ndi kuwapaka mankhwala a dzimbiri musanayale pansi, apo ayi fumbi ndi madzi a m'misewu ya dothi zizilowa kunsi kwa plywood. Tsirani madzi ndi paipi pa mawindo ndi denga kwa mphindi zingapo wina ali m'kati akuyang'ana podontha.

Milungu iwiri ija ndi ya ntchito iyi: matani tepi pansi motsata manambalawa, mupemphe makatoni m'magolosale, muimike bafa, khitchini ndi makabati pa msinkhu wake weniweni. Yalani matiresi, mugonemo onse atatu usiku ungapo basi ili pabwalo. Mayi ayese kuphika mwana akudutsa, inu muyese kudzuka usiku kupita kuchimbudzi, mutsekule firiji wina ataima pa chitseko. Pamene chigongono chagunda katoni, sunthani katoniyo n'kulemba muyeso watsopano. Pepala limenelo ndilo mumupatse kalipentala, ndipo mumuuze kuti chitseko chilichonse cha kabati ndi dilowa iliyonse zikhale ndi loko yogwira, osati maginito, chifukwa maginito amatsekuka pa kona yoyamba.