Mafuta a CBD ndi vuto la m'mimba: yankho kwa achemwali a ku Joni

Achemwali ena a ku Joni anditumizira imelo kufunsa ngati mafuta a CBD, aja ochokera ku chamba koma osaledzeretsa, angawathandize poti m'mimba mwawo lero kutsegula mawa kudzimbidwa. Funsoli landikhudza kwambiri.

Mayi anga anavutika ndi m'mimba nthawi yaitali, akangodya mimba kutupa ngati ng'oma, usiku osagona atakumbatira botolo la madzi otentha, ndiye alamu athu pobwera kuchokera ku Joni komweko anawabweretsera kabotolo kabulauni kodontheza pansi pa lilime, ati kamachiza chilichonse. Mayi ankakasunga m'kabati pamodzi ndi buku la nyimbo, m'mawa ndi madzulo kudontheza mokhulupirika, koma mimba osasintha. Atakayezetsa anawapeza ndi kachilombo ka H. pylori kamene kamayambitsa ma alsa, anawapatsa ma antibayotiki ndi mankhwala ochepetsa asidi, nkukhala bwino.

Nchifukwa chake ogulitsa mafuta a CBD amandipsetsa mtima. Nzoona m'matumbo muli mitsempha yake yomwe imakankha chakudya, ndipo THC, gawo loledzeretsa la chamba, imachedwetsa kukankhako, koma CBD simagwira chimodzimodzi. Ku Naples, m'dziko la Italy, mu 2008 anayesa pa mbewa, CBD inachepetsa kuthamanga kwa matumbo otupa okha, pa mbewa zabwinobwino sinachite kanthu. Zimenezo ndi mbewa achemwali. Ku Israel mu 2017 anapereka CBD yochepa kwa anthu odwala Crohn's, matenda okhalitsa otupitsa matumbo, sinawavulaze koma sinawachizenso. Ndiye Epidiolex, CBD yeniyeni imene America inavomereza mu 2018 pa mitundu ina ya khunyu, mwa mavuto ake odziwika muli kutsegula m'mimba komweko, kusafuna kudya ndi kusokoneza chiwindi. Munthu wotsegula m'mimba kale mpaka kumugulitsa zimenezi nkumulonjeza kuti achira? Ayi ndithu, uku nkudyera odwala masuku pamutu.

Kwathu ku Malawi kunonso chiyambire lamulo la 2020 lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, anthu ambiri akuona ngati boma lanena kuti chamba chimachiza matenda onse, pomwe lamulolo ndi la ulimi ndi malayisensi, ndipo pa WhatsApp pangodzadza timabotolo tosadziwika kochokera. Ngakhale ku America komwe, mu 2017 atayeza zinthu 84 za CBD zogulidwa pa intaneti, zambiri zimene zinalembedwa pa botolo sizinali zimene zinali mkatimo, zina munali ndi THC yomwe. Nanga kuli bwanji zogulitsidwa mu chikwama?

Ndiye mutani?

Kayezetseni kaye chimbudzi ndi magazi, aone njoka za m'mimba, H. pylori ndi zina. Mukaona magazi kapena chimbudzi chakuda bii, mukuonda osadziwa chifukwa, kapena kutsegula kukukudzutsani usiku, pitani kuchipatala msanga. Ngati mukumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), mankhwala a khunyu kapena ma ARV, musayambe CBD musanafunse adokotala kapena a ku famase, chifukwa imasintha mmene chiwindi chimagayira mankhwala ena. Zogulitsidwa popanda kalata ya dokotala ku South Africa siziyenera kupitirira 20 mg pa tsiku, botolo losalemba mlingo lisiyeni pa shelefu pomwepo.