Yankho kwa mayi woyembekezera amene ali ndi herpes

Mayi, mwafunsa ngati herpes, matenda oyambitsidwa ndi kachirombo amene amatulutsa matuza ndi zilonda pamilomo kapena kumaliseche, angavulaze mwana amene mukuyembekezera, komanso ngati mudzatha kumuyamwitsa. Musataye mtima. Popeza herpes mwakhala nayo musanatenge pakati, n'zotheka kwambiri kuti mwana wanu abadwe wathanzi, ndipo mudzatha kumuyamwitsa. Thupi lanu linapanga kale chitetezo cholimbana ndi kachiromboka, ndipo chitetezocho chimapita kwa mwana akadali m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yomaliza. Chiopsezo chachikulu chili pa mayi amene watenga kachiromboka koyamba pakati patakhwima, chifukwa thupi lake silikhala ndi nthawi yokwanira yopangira mwana chitetezocho.

Mchemwali wanga anali ndi nkhawa yomweyi. Chinamuthandiza n'chakuti anawauza anamwino kusikelo mosabisa kanthu, ngakhale zinali zochititsa manyazi. Inunso chitani chimodzimodzi, kaya mumapita kuchipatala cha Mapale ku Mzuzu kaya kwina. Dokotala angakupatseni mapiritsi a acyclovir kuyambira sabata ya 36, ndipo ngati zilonda zatuluka kumaliseche nthawi yochira itakwana, angasankhe kuti muchire kudzera pa opaleshoni.

Mwana akabadwa, sambani m'manja musanamugwire, ndipo aliyense amene ali ndi zilonda pamilomo asamupsompsone, ngakhale akhale agogo ake. Bere likatuluka chilonda, muyamwitseni linalo mpaka lipole.

Chimene ndikuchonderera kwambiri ndi ichi: m'masabata 6 oyambirira, mwana akatuluka matuza pakhungu, m'kamwa kapena pafupi ndi maso, akatentha thupi, akafooka, akakana kuyamwa kapena akakomoka, pitani naye tsiku lomwelo ku Mzuzu Central Hospital, ngakhale usiku. Musamupake mankhwala apanyumba, chifukwa mwana wakhanda amafunika acyclovir wodzera m'mitsempha, woperekedwa kuchipatala.