Mu "window" mulibe khomo ayi

Mayi wina wandilembera imelo kuti mwana wake wa Folomu 2 anauzidwa m'kalasi kuti mawu achingerezi oti "window" anachokera ku "wind" ndi "door" zolumikizidwa, khomo la mphepo. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, mphepo ilimodi, koma khomo mulibe. Mawuwa anabwera ndi ma Viking a ku Scandinavia, aja anaukira chilumba cha Lindisfarne mu 793, n'kulanda mzinda wa York mu 866, kenako n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Iwo ankati "vindauga". "Vindr" ndi mphepo, "auga" ndi diso. Diso la mphepo.

Amene anakulira kumudzi safunika kumufotokozera zambiri. Khitchini ya agogo anga inalibe galasi, inali ndi kabowo m'mwamba mwa khoma, pansi pa denga, m'mbali mwake muli bii ndi mwaye. Nkhuni zikakhala zaziwisi tinkakhala pansi maso ali psuu, kudikira kuti utsi upeze njira. Madzulo kukazizira agogo ankatsekapo ndi chisanza. Nyumba za anthu akumpotowo zinalinso ndi bowo lotulukira utsi, kawirikawiri padenga. Galasi linabwera mochedwa, dzina lilipo kale.

Angerezi anali ndi mawu awoawo, "eagthyrel", bowo la diso, koma a alendo ndi amene anapambana, ndipo pofika m'ma 1200 anali akulembedwa m'mabuku. Chidutswa cha akalewo, "thyrel" (bowo), chinatsalira mu "nostril", bowo la mphuno.

Koma chimene chandiwawa n'china. Ndili ku sekondale, mphunzitsi wina anandidula malikisi pa chimangirizo chifukwa ndinalemba "windo". Anazunguliza ndi cholembera chofiira, n'kulemba m'mbali kuti Chichewa chenicheni ndi "zenera". Ndinakhala chete, koma mpaka lero sindivomereza. "Zenera" ndi mlendonso! Tinatenga kwa Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena, amene amati "janela", monga tinatengera nsapato ku "sapato" ndi kalata ku "carta". Ndiye mwana alangidwe chifukwa chobwereka kwa Mngerezi, pomwe makolo ake anabwereka kwa Mpwitikizi? Mngereziyonso anabwereka! Kuphunzitsa ana zinthu zongoganizira, n'kuwaopseza nazo ndi malikisi, ndi kumene kumawaphetsa chidwi chofunsa. Ine zimenezo ndimadana nazo kwambiri.

Nanga mwanayo atani?

Asakatsutsane ndi aphunzitsi pagulu. Kulakwitsaku sikunayambe ndi iwo, chifukwa m'ma 1600 Angerezi ena ankalemba "windore" poganiza chimodzimodzi. Apeze dikishonale yosonyeza chiyambi cha mawu, monga ya Oxford, akawaonetse aphunzitsiwo pambali mwaulemu, nthawi ya buleki.